Moto wopita kumsonkhano

Aneba athu kuno ku Katuli sadziwa khomo la sitolo. Chilimwe chonse banja lawo limadya mango ophika ndi chinangwa cha m'munda mwawo. Amati, "Chogula chimatha, chodzala chimabereka." Machesi ndiye sagula n'komwe. Moto wawo sunazimepo chikwatirireni.

Tsiku lina ayufi analamula mudzi wonse kupita kumsonkhano wa chipani, wa tsiku lathunthu. Nanga moto ausiyire yani? Bambowo anaika makala m'phale, n'kumauzira njira yonse, thukuta lili kamukamu.

"Madala, n'chiyani chimenecho?" anafunsa wayufi.

"Mwati pakhomo pasatsale aliyense. Uyutu ndi mwana wanga woyamba, mkulu wako iwe."

Wayufiyo anawapezera malo pamthunzi, kuopa kuti mkulu wakeyo angapse ndi dzuwa.