Tsiku Limene Mwana Wanga Anakana Kundiyankha mu Nkhungu ya ku Nyika

Anzanga, nkhani ndikuuzaniyi si ya mufilimu ngakhale filimu ilimo, ndipo ngati ndawonjezera kanthu, Mulungu amene anandiona tsiku limenelo ndiye mboni. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwo akadali pa ntchito, komanso mwana ndikunenayo pano ndi namwali, ali ku sekondale, sangakondwe kuti anzake azimuloza chala.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ku Rumphi ndinapita chifukwa cha banja. Bambo a kunyumba anali dalaivala wa boma, anayamba agwira pa Boma, kenako anawatumiza ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, komwe kuli kampu ya alendo odzaona nyama. Ndinkadzitama kuti munthu wokulira ku Ntcheu saopa chisanu, koma kumeneko ndinakadziwa kuti kwathu kuja timangosewera. Mwezi wa Juni madzi a mundowa amadzuka ataundana pamwamba, ndipo nkhungu ikatsika, kaya ndi masana, sungaone ngakhale khomo la nyumba yoyandikana nayo. Ndinenenso pano kuti ndine munthu wapakamwa, sindikana ayi. Mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinkamulera ndi kukalipa monga anandilerera mayi anga, ndipo ndinkati kulera n'komweko.

Lamlungu lina titaweruka ku mapemphero, wophikira alendo pa kampupo anatiitanira ku holo ya antchito, ati mzungu wina wamusiyira filimu ya Khirisimasi. Tinamuseka kuti Khirisimasi ya mu Juni ndiye itinso? Iye anati kwawo kwa azunguwo Khirisimasi imagwa nthawi ya chisanu ngati chathuchi, ndipo makolo awo kuyambira kale amaopseza ana ndi chilombo cha nyanga choyenda ndi miyendo iwiri, chonyamula thumba ndi unyolo, chimene chimatola ana osamva pamene ana abwino akulandira mphatso. Filimuyo inali yoopsa komanso yoseketsa, moti sumadziwa kuti ukuwe kapena useke, ndiye tinkachita zonse ziwiri. Chilombo chija chikaterereka n'kugwa chagada, holo yonse kugwa nalo phwete. Alonda a nyama, aja timawati magemu, anayamba kutsutsana za mfuti imene angachiwombere nayo. Bambo wina ankamasulira m'Chitumbuka n'kumawonjezera zake, ati chilombocho chikupempha fodya. Mkulu wa mpingo anatuluka akupukusa mutu, ati kubadwa kwa Ambuye si koseweretsa. Ana tinawathamangitsa, koma mwana mungamuletse windo? Anali atadzaza pagalasi, wanga ali kutsogolo.

Panali malo amodzi pamene kuseka kunazizira. Chilombocho chinaima kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuitana mwana ndi mawu a mayi ake enieni, mawu ofewa, kumulonjeza maswiti, kumuuza kuti asaope. Apo mayi wina wochapa zofunda za alendo, amene tinkakhala moyandikana ndipo tinali titakanganapo kangapo chifukwa cha chingwe choyanikapo zovala, anadzuka n'kumanga chitenje. Anathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, koma anati iye zotere saonera, chifukwa ku Nyika kuno ana amawaphunzitsa kuti nthawi ya chisanu ukamva mawu akukuitana mu nkhungu koma nkhope osaiona, usayankhe. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuseka pagulu, kuti kodi chilombochi ndi chibale chawo nanga akuchidziwa chonchi? Anthu anaseka, iye anangondiyang'ana n'kutuluka.

Sabata imeneyo ndinali nditapeza chida. Mwana akakana kusamba, ndinkangoti cha nyanga chija chikubwera, pomwepo ali m'bafa. Akasiya phala, thumba lija. Ndinachita kumuuza kuti chimaitana ndi mawu anga omwewa n'kumalonjeza maswiti, ndiye asamale. Ndinkawauzanso amayi anzanga kuti azungu atibweretsera mankhwala a ana osamva, tonse n'kumaseka. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changachi ng'oma yake ndinkaiimba ndekha.

Lachinayi m'mawa, bambo ake atatsika ndi galimoto kupita pa Boma, mwanayo anagwetsa fulasiki ya tiyi n'kuiswa. Mwa masiku onse ndikanamukalipira n'kuthera pomwepo, koma tsiku limenelo ndinati ndimuphunzitse mwamtundu wina. Ndinatenga makiyi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinayamba kuwagwedeza makiyiwo kuti amveke ngati unyolo, n'kumamuitana ndi mawu ofewa, kuti abwere mwana wabwino, ndili ndi maswiti. Ndinamva chitseko chikumenyetseka ndi timapazi tikuthamanga, ine m'mimba mukupweteka ndi kuseka. Ndinaganiza kuti wathawira kwa anzake. Ndinasesa magalasi a fulasiki aja, kuchapa, kuika nyemba pamoto, ndipo pamene ndinkatuluka kuti ndikamutenge, cha m'ma leveni, nkhungu inali itatsika moti chingwe cha zovala sindinkachiona.

Ndinalowa nyumba iliyonse pa mzere wathu, mwana kulibe. Ku holo kulibe, ku chimbudzi kulibe. Apo ndinathamangira kwa magemu, chifukwa aliyense wokhala ku Chelinda amadziwa zimene zili kuseri kwa nyumba zija: nkhalango ya paini, madamu a madzi ozizira, ndi dambo losatha momwe mumayenda afisi ndi akambuku. Mwanayo anali atavala kajuzi kamodzi ndi siketi, kumapazi mapatapata. Magemu atamva anasiya zonse, anatenga mfuti ndi mabulangete n'kugawana njira. Netiweki kunalibe yoti ndiwauze bambo ake, ndipo ngakhale ikanakhalapo, ndikanawauza kuti chiyani?

Patapata limodzi tinalipeza m'mphepete mwa paini. Ndinalinyamula n'kuliika pachifuwa ngati ndi mwanayo. Kuchokera pamenepo ndinkangoyenda ndikuitana, ndipo ndinaitana monga sindinaitanirepo chibadwire. Ndinamutchula mwana wanga wokondedwa, ndinamutchula mayi anga, ndinamuuza kuti sindimumenya, za fulasiki aiwale, ndimugulira mabisiketi ndi diresi yatsopano, ndinamupepesa mpaka mawu anasasa. Nkhungu inkangomeza mawuwo. Ndinagwa kangapo m'maenje, mawondo ananyuka, koma sindinkamva kupweteka. Ndinafika pa damu, ndinayang'ana madzi aja ali phee, ndinakuwa kuti Mulungu atenge ine, amusiye mwana. Gemu wina anachita kundikoka kundichotsa pamenepo, poopa kuti ndidziponyamo.

Cha m'ma folo mkulu wa magemu anandiitanira pambali. Anali bambo wosabisa mawu. Anati iwo sasiya kufuna, koma ndidziwe kuti dzuwa likalowa, mwana wovala kajuzi kamodzi pa Nyika mwezi wa Juni m'mawa saufika. Ndinamva ngati wandithira madzi a mundowa aja. Tinabwereranso ku paini kuja komwe tinapeza patapata, ine ndikuitanabe mawu atatheratu, ndipo amene anandigwira mkono anali mayi wochapa uja, yemwe anali atayenda nafe tsiku lonse. Anandiuza motsitsa kuti mama, ndileke, mwanayo mwina ali pafupi ndipo akundimva, koma sayankha. Anandifunsa kuti kodi si ine ndemwe ndinamuuza kuti chinthucho chimaitana ndi mawu anga, n'kumalonjeza maswiti? Nanga tsiku lonse ndakhala ndikuchita chiyani?

Anzanga, ndinakhala pansi pa udzu wonyowa uja. Ndiye kuti kuyambira m'mawa, mawu anga aliwonse ankamukankhira mwana wanga mkati mwa kobisala kwake. Ndikaitana amabisala, ndikakhala chete satipeza, ndipo kuwala kunali kukutha. Mukanakhala inu mukanatani? Ine sindinaganize nzeru iliyonse, ndisaname. Kunangobwera ukali, ukali wodzikwiyira ndekha, ndipo unatulukira pamene umatulukira masiku onse. Ndinadzuka n'kuyamba kukalipa ndi mawu osasa omwewo, kuti mwana wosamva ameneyu wandiswera fulasiki, wandiyendetsa tchire lonse, nyemba zanga zapserera pamoto, ndipo ndikawerenga mpaka katatu asanatuluke aona chimene chinameta nkhanga mpala. Magemu anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinawerenga kamodzi, kawiri.

Ndisanafike pachitatu, kamawu kanatuluka pansi, pafupi kwambiri moti ndinadumpha. Kanafunsa ngati ndinalidi amayi. Anali m'dzenje pansi pa mtengo wa paini wakugwa, atadzikwirira ndi masamba, mapazi osapitirira khumi kuchokera pamene ndinaima. Pamalo amenewo tinali titadutsapo kawiri, ndipo ineyo ndinaimapo masana ndikumulonjeza mabisiketi. Milomo inali itada, thupi lili zii, zala zosapindika. Mayi wochapa uja anavula juzi yake, n'kundiuza kuti ndimuike mwanayo pakhungu langa lenileni, ndipo anatikulunga tonse awiri m'bulangete. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Bambo ake atafika tinatsika naye ku chipatala pa Boma, komwe anatigoneka masiku angapo ndi chibayo. Ali pabedi anatiuza kuti cha nyanga chija chinabweradi, chinaima pamwamba pa dzenjelo chikupuma utsi m'mphuno, kenako chinapita. Magemu anati inali ntchefu, nyama ya nyanga yaikulu ngati ng'ombe, ndipo mapazi ake anawaonadi pamenepo. Kaya inali ntchefu kaya chinali china, ine zimenezo sizindisowetsa tulo. Chimene chimandisowetsa tulo ndi chimene anandiyankha nditamufunsa ngati ankandimva ndikuitana. Anati ankamva zonse kuyambira masana, ndipo ankafuna kutuluka chifukwa ankazizidwa kwambiri, koma anadziwa kuti si ine, chifukwa amayi ake samutchula wokondedwa ndipo sapepesa. Ananena zimenezi akumwa phala, osadandaula, ngati akunena kuti kunja kukugwa mvula. Ndinatuluka m'wodimo n'kukalira kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala.

Lero anthu akandifunsa ngati ndimakhulupirira za zilombo za m'chisanu, kaya za azungu kaya za ku Nyika, ndimati sindikudziwa, ndipo sindisekanso munthu amene amaziopa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo chinthu choitana ndi mawu a mayi kuseri kwa nyumba chinalipodi, ndipo chinali ine. Mafilimu oterewa ndimaona anthu akuwaonerabe nthawi ya Khirisimasi, pafoni ndi m'mavidiyo pa Boma, akulu akuseka ana ali pambali maso ali tong'o. Onerani, sekani, sindikuletsani, koma dziwani kuti mwana saseka nanu, iye amasunga. Ndipo inu amayi anzanga apakamwa ngati ine, musadikire kuti mwana asowe kuti mumuitane mwachikondi. Muitaneni choncho lero, pa tsiku wamba, ali pafupi akukuonani nkhope, kuti adzawazindikire mawuwo tsiku limene moyo wake udzadalire pa iwo. Wanga ndinayamba mochedwa, ndipo mpaka pano ndikamuimbira foni ku sukulu n'kumutchula mwana wanga wokondedwa, amayamba wafunsa kaye ngati kunyumba kuli bwino.