Dzina langa simunalitchule

Lero Loweruka, tsiku lokumbukira kutisiya kwanu, NaBanda, takumana pakhomo pano ku Nathenje: ine, mwana wathu Esinati wa ku Mitundu, ndi alongo anu.

Ndakumbukira chaka chija, matipate itangoyamba kumene, pamene ofufuza za matenda oiwalaiwala anabwera kudzakutengani magazi ndi kukufunsani mafunso. Tsiku munalephera kutchula, mwezi munalepheranso. Kenaka namwino anandiloza nati, "Agogo, awa dzina lawo ndani?" Munakhala chete, iye nalemba kuti mwaiwala. Ndinaganiza kuti nanenso ndachoka m'mutu mwanu. Pamenepo munamuyang'ana namwinoyo nimunena kuti, "Mwana iwe, chikwatiwire sindinatchulepo dzina la amuna anga. Ndiyambe lero, pagulu? Awa ndi bambo a Esinati, aja oliza mkonono." Ndinaseka mpaka misozi, ine amene sindiseka pa anthu.

Tsopano ofufuza ena apempha kugwiritsa ntchito zotsatira za magazi anu ndi mayankho aja, kuti athandize odwala ena. Ndavomera. Esinati, ukawauze atenge zonse, koma paja analemba kuti amayi ako anandiiwala, akonze kaye.