Khosi la Botolo la a Makwinja

Ndikukumbukira kanjira kochoka kwathu ku Kande kupita kumtunda, kodutsa m'minda ya chinangwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kanjirako ndinkakaopa chifukwa kankathera pakhomo pa a Makwinja.

A Makwinja anali a ku Mulanje. Anabwera kudzagwira ntchito pa esiteti ya mphira, ndipo makina atawadula zala zitatu za kumanzere sanabwererenso kwawo. Ankakhala okha m'kanyumba kaudzu. Masana kumeneko kunkamveka kulira ngati kwa munthu amene wagwidwa pakamwa, kokwera pang'onopang'ono n'kutsikanso. Ana tinkauzana kuti anatsekera mwana m'gitala yawo, ndi kuti zala zija anazisiya kwa sing'anga.

Loweruka lina amayi, amene ankawamvera chisoni, anandituma kukawapatsa ufa wa kondowole. Ndinasenza mbale n'kuuyamba ulendo. Ndinawapeza atakhala pamphasa, gitala ataigoneka pantchafu. Pakati pa chala chachikulu ndi chimodzi chotsalacho anagwira khosi la botolo lobiriwira, akuliyendetsa pansambo. Likapita uku gitala inkalira, likabwerera inkausa moyo. Ndinaima chilili, mbale ili pamutu.

"Tula ufawo, mwana iwe, ungautaye," anatero. "Ukufuna kuona mwana ali m'katimo? Bwera usuzumire."

Sindinadziwe kuti nkhani yathu ankaidziwa. Ndinasuzumira pabowo la gitalayo. Munali fumbi, nyumba ya mavu youma, ndi fungo la thabwa lakale. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandiika galasi lija m'dzanja. Linali lozizira, losalala ngati mwala wa m'nyanja.

Kuyambira tsikulo ufa ndinkapempha kukapereka ndine. Kunyumba sindinkanena kanthu, chifukwa ada, monga tinkawatchulira bambo anga, anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa iwo gitala inali ya m'malo omwera mowa, osati ya mwana wamkazi. Ndinkaphunzira khutu lina lili kunjira.

A Makwinja ankamanga nsambo zonse kuti zigwirizane mawu zokha popanda kuzigwira. Botolo, ankatero, silipanikiza nsambo mpaka kukhudza thabwa, limangoigunda pamwamba ngati mmene umagwirira chilonda. Ndikapanikiza pankamveka kukhwekhwereza kowawa m'mano. Ndikapepuza kwambiri nsambo inkangolira ngati ntchentche. Anandiphunzitsa kuimitsa galasi pamwamba penipeni pa kamodzi ka tizitsulo topingasa pakhosi la gitala, osati pakati pa tiwiri, ndi kukoka chala china kumbuyo kwake kuti chizimitse phokoso losafunika. Chovuta koposa chinali kuyambira pansi n'kutsetsereka mpaka kufika pa liwu lofunikalo osalipitirira. Ine ndinkathamanga. "Ukuthawa ndani?" ankandifunsa. "Fika bwinobwino, ukafika ugwedeze dzanja pang'ono." Kugwedezako kokha n'kumene sikunandivute, popeza dzanja langa linkanjenjemera kale.

Patapita miyezi iwiri ndinafuna khosi la botolo langalanga. Ndinakhoma waya pathabwa kuseri kwa khitchini, n'kuswa botolo pamwala. Ndinali nditamva a Makwinja akunena kuti khosi lawo analikhula pamwala ndi madzi kwa masiku atatu, koma ine ndinalibe masiku atatu. Ndinalowetsa chala m'khosimo, n'kutsetsereka kamodzi. Sindinamve kuwawa msanga. Ndinangoona waya wafiira, kenaka diresi.

Amayi ndinawanamiza kuti ndi mpeni wosendera chinangwa. Koma kuchipatala namwino anatulutsa kachidutswa kobiriwira m'balamo, n'kukaonetsa ada padzanja. Tinabwerera kunyumba. Tinapeza nkhani yatitsogolera, chifukwa mnzanga wina anali ataulula kumene ndinkachedwa Loweruka lililonse. Pabwalo panali amalume ndi amuna ena anayi, wina atanyamula nkhafi yopalasira bwato. Amalume ankakuwa kuti munthu wa ku Mulanje uja wasowa zala, tsono wayamba kutenga za ana, ndipo lero lomwe achoke kapena kanyumbako kapsa.

Ndikanakhala chete, ine ndikanapulumuka. Ndinaganiza za udzu wouma wa padenga lawo. Mawu ananditulukira aang'ono kwambiri, moti ada anachita kuwerama.

"Ada, ndadzicheka ndekha. Botolo ndaswa ndine. Iwo sakudziwa n'komwe."

"Ndiye wanama kawiri," anatero. "Kwa amako, ndi kwa ine miyezi yonseyi."

Anauza amalume kuti adikire, nandigwira dzanja labwinolo. Kanjira kaja sikanatalikepo chonchija. Dzuwa linali pamutu, bala likugunda m'bandeji, ada akuyenda osacheuka. A Makwinja atationa anaimirira, nayang'ana bandejiyo, nkhope yawo n'kugwa.

"Sunalikhule," anatero motsitsa. Kenaka anatembenukira kwa ada. "Bambo, ndinalakwa osabwera kudzakupemphani. Koma mwanayu khutu ali nalo."

Ada anapempha kuona galasi lawo. Analitembenuza, nalipitsa pachikhatho, napeza kuti silicheka. Anayang'ana gitala nthawi yaitali osaikhudza. Ine ndinkangodikira mbama, kaya igwera ine kapena a Makwinja. M'malo mwake ada anati, "Galasi ayi. Ndipo kuno asabwerenso. Ngati n'kuphunzira, muzibwera inuyo pakhonde panga, masana, ine ndilipo."

Chilango sindinachithawe: mwezi wathunthu ndinkatunga ndekha madzi a nyumba yonse bala litapola. Amalume anakhala nthawi osawapatsa moni a Makwinja. Koma mlungu womwewo wa ngoziyo ada anadula mpope wakale wopopera njinga, nakhula m'mphepete mwake ndi tupa mpaka kusalala, nandipatsa kuti ulowe m'malo mwa galasi. Sananenepo kuti nyimbozo ankazikonda. Ndinangoona kuti maukonde, amene kale ankasokera kunyanja, anayamba kusokera pakhonde Loweruka.

Masiku ano gitala zimaimbidwa m'tchalitchi momwe ada anali mkulu, ndipo atsikana amaziimba palibe wodabwa. Mwana wa mchemwali wanga akuphunzira kutsetsereka komweku poonera kanema pafoni. Mphunzitsi wake ndi munthu wa kutali amene sadzakumana naye. Mwanayo amamuimitsa akafuna, kumubweza, kumuzimitsa akatopa. Tsiku lina anandifunsa kuti ine ndinkaonera pati. Ndinamuuza kuti wanga anali wamoyo, ndipo kuti ndiphunzire nyimbo zitatu anthu anatsala pang'ono kumuotchera nyumba. Mwanayo anandiyang'ana, naseka, poganiza kuti ndikucheza.