Mwabvi Umene Amayi Sanamwe

Amayi anga anali ndi pakamwa. Ankakalipira chilichonse, nkhuku, utsi, udzudzu, ngakhale sitima za azungu zikamavundula madzi pa Chiromo. Ntchito yawo inali yowamba milamba ndi mphende, ndipo matumbo a nsombazo ankataya padooko, malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ng'ona ina inazolowera. Ikatulutsa mphuno, iwo ankagwira m'chiuno n'kuilalatira: "Wabweranso, mlesi iwe? Kadzigwirire wekha!" Anzawo otunga madzi ankaseka mpaka kugwetsa misozi.

Kusekako kunatha tsiku limene ng'ona inagwira mwana wamkazi wa mnansi wathu. Maliro asanathe n'komwe, omwe aja ankaseka anayamba kukumbutsana kuti ng'onayo inali ndi woidyetsa, ndipo woidyetsayo ankacheza nayo. Pofika Lamulungu, mudzi wonse unkanena kuti amayi ndi mfiti yoweta ng'ona.

Kale mlandu wotere unkatha ndi mwabvi. Wonenezedwa ankamwa madzi a khungwa laululu lija. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti analidi mfiti. Koma boma linali litaletsa, ndipo ofuna kumwa ankaolokera mobisa tsidya la mtsinje wa Ruo, kwa Apwitikizi. Mpingo wathu unkadana ndi mwabvi kuposa boma. Tsono ine ndinali nditangoikidwa kumene uphunzitsi pa kasukulu ka mishoni, ndili ndi jekete limodzi ndi mtima wodzimva.

Akulu a mpingo anawaitana amayi, kuwakhazika pansi m'tchalitchi chathu cha udzu, n'kuwapanikiza ndi mafunso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Umboni sanaupeze. Koma anati asadye kaye Mgonero kufikira mitima ya anthu itazizira. Sanawagwire ufiti, sanawayeretsenso. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero, ngakhale tsikulo ndinakhala pabenchi ndi akuluwo ndikugwedezera mutu.

Titatuluka, amayi anandipeza ndikumanga bwato langa.

"Ndaphata miyendo, ndapota nawe mwananga, ndiolotse. Ndikamwe, ndisanze, anthuwa atseke pakamwa."

"Amayi, zimenezo n'zachikunja. Inu ndinu obatizidwa."

"Nanga ubatizowo ndi umene uzigula nsomba zanga?"

Ndinakana. Sindinalekere pomwepo. Ndinayendera eni mabwato onse m'mbali mwa mtsinje, mmodzimmodzi, ndi kuwauza kuti amene adzaolotse amayi ndidzamunenera kuboma ndi pakamwa pangapa. Anandimvera, poti ndende ankaiopa.

Mitima ija sinazizire. Nsomba zawo zinkafumbwa m'dengu. Kunalibe wobwera kudzapala moto pakhomo pawo, ndipo mkazi wanga yemwe, munthu wabwinobwino, ankapeza chifukwa chatsopano tsiku lililonse chosawasiyira khanda. Pakamwa paja panatsekeka. Chinatsala ndi kuyenda. Ankapita kudooko, kuima, kuyang'ana tsidya, kubwerera, kusesa posesa kale, kupitanso. Ndikuphunzitsa ana ndinkawaona pazenera akudutsa, ndipo ndinkaiwala pomwe ndasiyira. Madzi ankasefukira n'kuphwa, thonje kulimidwa n'kuthyoledwa, iwo akadali panjira yomweyo. Nthawi zina ankandipemphanso, osakweza mawu. Ine ndinkawawerengera Mawu a Mulungu, n'kuthawira kusukulu.

Patapita zaka anadwala chifuwa. Masana ena ndinawapeza ali gone pamphasa, atatha ngati bango. Anatulutsa mlongo wanga amene ankawadwazika, n'kundikodola kuti ndisendere pafupi. Ndinkayesa akufuna pemphero.

"Iwe," anatero, "ndiuze chimodzi chokha. Unandikaniza chifukwa cha Mulungu, kapena unkaopa kuti sindisanza?"

Yankho linali lapafupi, mwana aliyense wa m'kalasi mwanga akanalinena mosaganiza. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinachedwa. Kuchedwa kwake kunali kwa mpweya umodzi basi, ndipo amayi anakuona. Anagwedeza mutu pang'ono, natembenukira kukhoma.