Pikapu ya Che Mahmudu pa ukwati wa Sakina

Che Mahmudu a ku Ulongwe anali ndi pikapu yoyera, yakale ndithu, imene anagula atasiya ntchito yoyendetsa malole. Anaigulira kunyamula chimanga, koma m'kupita kwa zaka inasanduka galimoto ya maliro. Munthu akamwalira kuchipatala ku Liwonde, abale ankathamangira kwa iwo, poti Asilamu sagoneka maliro ndipo iwo sankazengereza. Sanali munthu wansangala. Ankayankha mwachidule, ndipo ana ankawaopa.

Galimotoyo ankatsuka okha, pamthunzi kuseri kwa nyumba. Madzi a pamjigo ankawakana, ati ali ndi mchere ndipo akauma amasiya mawanga. Ankasunga a mvula m'migolo. Sopo waufa nayenso ayi, ati amadya penti. Ankayambira padenga kutsikira kumatayala, n'kupukuta ndi chitenje chakale chofewa. Polishi ankapaka pang'onopang'ono mozunguza dzanja, chitsulo chisanatenthe ndi dzuwa, kenako n'kudikira kuti ayere ngati ufa asanayambe kupukuta.

Mwana wawo womaliza, Sakina, atapeza banja ndi mphunzitsi wa ku Balaka, Che Mahmudu ananena kuti adzamuperekeza okha kuholo pa pikapuyo. Akuchimuna anakana. Azakhali a mkwati, mayi Fadila, anatumiza mawu akuti mkwatibwi sangakwere galimoto imene imakhalira kumangidwa masamba a maliro, chifukwa angalowetse tsoka m'nyumba yatsopano. Anakumbutsanso kuti malemu amuna awo anabwera pa galimoto yomweyo. Che Mahmudu anayankha kuti akukumbukira bwino, ndipo kuti tsiku limenelo mayiwo sanafunse za tsoka. Mawuwa anapweteka, mpaka shehe analowererapo. Anagwirizana kuti Sakina asankhe yekha.

Sakina sanayankhe msanga. Ankadziwa kuti akakana akhumudwitsa bambo ake, akavomera akalowa kwa apongozi ali kale ndi mlandu. Litatsala tsiku limodzi, anawapeza kuseri akupaka polishi pachitseko. Anatola nsanza n'kuyamba kupukuta galasi.

"Ababa, mpandowu ndi wong'ambika. Diresi langa likodwa."

"Ndiyalapo chitenje cha amayi ako."

"Chatsopano chija, osati chopukutira matayalachi."

Che Mahmudu sanatukule mutu, koma madzulo amenewo anapaka polishi kawiri.

M'mawa mwake pikapu inkawala moti atsikana ankadziyang'anira pachitseko pomanga maliboni. Ndi pomwe anafika Uladi, telala wa pamsika. Mkazi wake anali atamwalira m'bandakucha kuchipatala, ndipo anayenera kuikidwa tsiku lomwelo. Ataona malibonio anaima pampanda, n'kuyamba kubwerera. Che Mahmudu anamuitana. Uladi anafotokoza kuti wayesa kale kwina: lole ina ili ku Zomba, ina yafa injini.

Che Mahmudu analowa m'nyumba momwe azimayi ankamuveka Sakina, n'kumuuza ali chiimire pakhomo kuti akanyamula malirowo.

"Mwandidanitsa ndi apongozi anga chifukwa cha galimoto imeneyi," anatero Sakina, "ndiye lero mukundisiya?"

Bambowo anatuluka. Anamasula maliboni okha, anawapinda bwino n'kupatsa atsikana aja, kenako anathyola nthambi n'kuimanga kutsogolo. Uladi anakwera kumbuyo, poopa kukhala pa chitenje chatsopano chija.

Sakina anapita ku Balaka pa galimoto imene akuchimuna anabwereka, atakhala pambali pa mayi Fadila.

Che Mahmudu anakhala kumanda mpaka dothi lomaliza. Anafika ku Balaka anthu atayamba kubalalika, pikapu ili fumbi lokhalokha mpaka m'magalasi. Anaiimika patali, kuseri kwa chigayo, kuti isaoneke pa zithunzi. Anasasa malaya awo, n'kuyenda wapansi kukafunafuna mwana wawo.