Mzungu wa ku Blantyre Inayo

Chaka cha Covid ndinali mlonda pageti la kompaundi ina ku Al Waab, kudziko la Aluya kumene ndinapita kukagwira ntchito. M'nyumba yakumapeto munkakhala mzungu wachikulire, yekhayekha, injiniya wa sitima zapamadzi. Ntchito zitaima, ankabwera pageti kudzasuta, ataima patali monga ankatilamulira a zaumoyo.

Tsiku loyamba anandifunsa kwathu. Nditati Blantyre, iye n'kuseka, ati nawonso makolo ake ndi a ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje umene kumunsi kwake ankapangirako sitima zikuluzikulu. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamuuza kuti asandiyese chitsiru, mu Mudi ngakhale bwato silingayandame. Anatulutsa foni n'kundionetsa mapu. Inalipodi Blantyre ina ku Scotland, katauni ka pamtsinje wa Clyde, kumtunda kwa mzinda wa Glasgow.

Kuyambira apo ndinkamutchula kuti akumudzi. Ankandisimbira za Glasgow: mvula yosakata, milatho, nyumba za miyala yofiira. Bambo ake ankakhoma misomali ya sitima mpaka makutu anagontha. Lero malo ambiri opangira sitima anatseka, chikireni chonyamulira zitsulo chatsala chili njo m'mbali mwa madzi, alendo n'kumadzijambula pamenepo. "Anthu akukwera ndege kudzaona kumene bambo anga anasiya makutu," ankatero.

Kenako mzungu uja anayamba kutsokomola. Ambulansi inadzamutenga masana ine ndikuona.

Kwathu wakwanu akadwala umakamuzonda, sizofunsa. Ndinapita kwa supavaiza kukapempha tsiku.

"Wadwala ndani?"

"M'bale wanga wa ku Blantyre."

"Mzungu uja? Khalas, nkhani yatha, bwerera pageti. Ngati wakwiya, lamulo latsopano likulola, kafune ntchito kwina."

Ndinamutukwana m'Chichewa, iye osatolapo kanthu. Tsiku langa lopuma ndinapitabe, jumbo ya malalanje m'manja. Pakhomo pa chipatala ndinapeza mlonda wa ku Mangochi.

"Achimwene, sitikulowetsa munthu, olo mkazi wake."

"Ndingomuonera pawindo basi."

"Inunso ndinu a pageti. Mukanandilowetsa inu?"

Ndinamuonetsa jumbo ija. Malalanje anawakananso, ati zakunja sizilowa. Ndinaima padzuwa lija, thukuta kamukamu m'masiki, mpaka ndinadziona ndekha kuti ndikungotchinga njira.

Patapita masabata kunabwera anthu kudzalongedza katundu m'nyumba muja. Ndinawafunsa ngati mwiniwake wachira n'kupita kwawo, kapena watisiya. Anati iwo sakudziwa, anangotumidwa kudzanyamula makatoni.