Amayi Amene Ndinkawaflasha

Nditatuluka m'chipatala, mutu utayamba kukhazikika, anamwino a ku Mua anandipezera amayi ena oti azindiyendera. Sanali adokotala. Nawonso anadwalapo matenda a maganizo n'kupeza bwino, ndipo ntchito yawo inali yolimbikitsa ife ongoyamba kumene mankhwala. Ankachokera ku Golomoti pa njinga.

Ine kulankhula kumandivuta chibadwire, koma iwo sankandikakamiza. Ankakhala pakhonde n'kumathandiza mayi anga kusankha mpunga, uku akundiseka.

"Achimwene, mankhwalawa akukunenepetsanitu. Atsikana a ku Mtakataka ayamba kufunsa."

Tsiku lina, ataona mantha amene ankandigwira, anandipatsa nambala yawo. "Mantha aja akabwera, muzingoflasha. Ine ndiziimba."

Kwathu kuflasha si kwachilendo: wopanda mayunitsi amangoliza foni ya mnzake kamodzi n'kudula, winayo n'kuimba. Poyamba ndinkachita manyazi. Kenaka chinasanduka chizolowezi. Mtima ukathamanga ndili kumunda, ndinkaflasha. Anyamata akaseka pamsika ine ndikudutsa, ndinkaflasha. Nthawi zonse ankaimba, ine n'kuthokoza kwambiri, poganiza kuti kuthokozako n'kokwanira.

M'nyengo yowokera mpunga anasiya kuimba. Ndinaganiza kuti ndawalakwira, choncho ndinkaflasha mowirikiza kuti ndipeze mpata wopepesa. Zitakanika, ndinamangirira nthochi pa njinga n'kupita kwawo.

Ndinapeza amuna awo akusoka thumba pansi pa mango. Ndinanjuta n'kudzifotokoza.

"Ndiwe wa ku Mua uja?" anatero. "Mayi akowa matenda aja awabwerera. Foni ikangolira akumadzuka kufuna njinga, miyendo ikunjenjemera. Dzana tinakawapeza panjira ya kusikimu ya mpunga opanda nsapato, akuti kuli mwana akuwafuna." Anakoka ulusi ndi mano. "Oflasha mulipo ambiri, koma katswiri ndiwe."

Sananene mokalipa. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

Anandilowetsa m'nyumba. Amayi aja anali pamphasa, ataonda, maso ali gwa kudenga. Atandizindikira anamwetulira pang'ono.

"Achimwene, mwandipeza ndili pa tchuthi. Mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa, amayi."

"Awa andilanda foni. Auzeni andibwezere, anthu akundidikira. Inu akumverani."

Chikhalire ndinali ndisanakanepo pempho la munthu wamkulu, makamaka la munthu amene anandidzutsa pamene abale anga ena ankandiopa.

"Isungidwe kaye, amayi," ndinatero, ndikuyang'ana pansi.

Anandiyang'anitsitsa, kenaka anatembenukira kukhoma. Ndinatsanzika n'kutuluka.

Kunja bambo aja anandipempha kuti ndifufute nambalayo m'foni mwanga mpaka mkazi wawo atachira. Ndinaifufuta iwo akuona, ngakhale ndinali nditailoweza pamtima kalekale.

Pobwerera, ndili pakati pa minda ya mpunga, mtima unayamba kuthamanga. Ndinatsika pa njinga, dzanja lili kale m'thumba. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, amayi owokera akundiyang'ana, kenaka ndinatulutsa dzanjalo lopanda kanthu n'kuyamba kukankha njinga. Sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kuchipatala kukauza anamwino kuti mnzawo uja akudwala, ndi kuti nafenso tikufuna wina wotiyankha.

Ndimamva kuti tsopano amayi aja ayamba kutuluka panja ndi kusesa pabwalo. Ntchito sanabwererebe. Mayi anga amandiuza kuti matenda amabwera okha, si ine ndinawaitana. Ndimavomera kuti ndisawakhumudwitse.